Mwana Wamkazi ndi Sipanala

Amayi anzanga, kuno ku Chitala timadziwa thonje ndi chimanga. Ndege timangoiona ikudutsa m'mwamba. Tsono mwana wanga wamkazi akufuna kudzakhala makaniko wa ndege, ndipo apongozi anga akuti palibe mwamuna angafunsire mkazi wonunkha girizi.

Ine zimenezo sizindidetsa nkhawa. Chondilemera mumtima ndi ntchito yeniyeniyo. Galimoto ikafa, dalaivala amaiimika pambali pa msewu. Nanga ndege ingaime pati m'mitambo? Nchifukwa chake bawuti iliyonse imamangidwa pa muyeso wake wolembedwa m'buku, womangayo nasaina dzina lake, wina nadzaonanso. Mwana wanga, amene sasiya kamwala posankha mpunga, mwina angaithe.

Mafakitale ake ali kutali, monga ku Toulouse ku France, kumene Airbus imalumikiza ndege zake. Koma m'chaka cha 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy, kumene anyamata ndi atsikana omwe anaphunzira kupanga tindege touluka popanda munthu m'kati.

Khomo lolowera ndi masamu ndi sayansi. Ndagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndimugulire mabuku, ndipo madzulo mbale ndimatsuka ndekha, iye awerenge nyale isanathe.