RIVESI IKAYAMBA KUKUKUTA MANO, MUSATHAMANGIRE KUTSITSA GIYABOKOSI

Lero ndabwera ndi nkhani ya galimoto. Inu amene mumayendetsa za magiya a pamanja, makamaka kuno kumapiri a Dedza, khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto. A otomatiki, khululukani, uwu si ulendo wanu.

Mukulidziwa phokoso lija? Mwaima, mwaponda kilatchi mpaka pansi, mukukankhira giya ku rivesi, ndiye mungomva kuti khrrrr! Anthu onse pamsika kutembenuka. Wina mpaka kukuwa kuti adalaivala laisensi munachita kugula. Magiya ena onse akulowa bwinobwino, wakana ndi rivesi yekha. Ambiri amafulumira kunena kuti giyabokosi yatha. Ine ndikuti dikirani kaye.

Kapikiapu kathu kakale kanayamba khalidwe limeneli nyengo yokumba mbatatesi. Kuno kwa Kaphuka timisewu topita kuminda mukutidziwa, galimoto imodzi basi, uku mtsetse uku chigwembe. Popanda rivesi simutembenuka. M'mawa wina wa Julaye, chisanu chili tho, matumba tapakira kale, ogula akudikira pa Chimbiya, rivesi anakaniratu. Tinachita kuzimitsa injini, kulowetsa giya, n'kulizanso ili m'giya momwemo. Galimoto inadumphira m'mbuyo ngakhale phazi linali pa kilatchi, ndipo kumbuyoko kunali anyamata awiri amene amatithandiza kupakira. Anathawira m'mizere. Mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsembwe.

Makaniko woyamba sanatsegule n'komwe boneti. Anangomvera phokoso n'kunena kuti titsitse giyabokosi, zipangizo akazifune ku Lilongwe. Mtengo umene anatchula, abale, unali phindu lonse la mbatatesi za chaka chimenecho, fizi ya ana ili momwemo.

Wachiwiri anali bambo wachikulire, wa kagalaja ka pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu wa M1. Iwo anati, zimitsani injini, lowetsani rivesi. Inalowa myaa, ngati mpeni m'papaya. Lizani injini, yesaninso. Khrrrr! Anaseka n'kunena kuti giyabokosi ilibe mlandu.

Tamverani chimene chimachitika m'katimo, chifukwa mukachimvetsa palibe adzakudyereni ndalama. Injini ikamalira, kilatchi puleti imakhala yopanidwa pakati pa flywheel ndi pressure plate, zonse zikuzungulira limodzi. Mukaponda kilatchi, puletiyo imayenera kumasuka kuti shafuti yolowa m'giyabokosi iime. Ikapanda kumasuka kwathunthu, shafuti imapitirizabe kuzungulira pang'onopang'ono. Tsono magiya opita kutsogolo ali ndi timphete totchedwa synchro, timene timagwira shafutiyo n'kuifananitsa liwiro mano asanakumane. Timabisa vutolo. Koma pa galimoto zambiri, makamaka zakalezi, rivesi alibe kamphete kameneka. Pali kagiya kakang'ono ka mano owongoka kamene kamangolowa pakati pa magiya awiri kuti matayala azungulire chobwerera. N'chifukwa chake galimoto imalira ngati mluzu mukamabwerera m'mbuyo mothamanga. Kagiya kameneka kakapeza mnzake akuzungulira, mano amamenyana. Ndiye rivesi ndi mboni chabe, woyamba kuulula kuti kilatchi sikumasula bwino. Mukundimva?

Bambo aja anagwada pakhomo la dalaivala n'kukankha chopondera kilatchi ndi dzanja. Chinatsika mtunda wa zala zinayi chisanayambe kulimba. Malo opanda ntchito amenewa amayenera kukhalapo, koma pang'ono. Mwachitsanzo, buku la Toyota Hilux zakale limatchula mamilimita 5 mpaka 15, kutanthauza pafupifupi chala chimodzi. Akachuluka, theka la kuponda kwanu limathera m'malere, ndipo mukafika pansi puleti imakhala isanamasuke. Pa yathuyi kanati kogwira kachitsulo kokankha master cylinder kanali katamasuka ndi mabampu, kapini nakonso katadyeka. Anasintha kapini, anatalikitsa kachitsuloko pang'ono, n'kumanganso nati. Kenako anayang'ana kabotolo ka mafuta a kilatchi, amene ndi omwe aja a mabuleki. Anali akuda bii, komanso otsika. Anathira atsopano, ine ndikupopa ndi phazi, iwo ali pansi kutsegula ndi kutseka kanati ka pa slave cylinder mpaka thovu lonse la mpweya litatha. Mpweya umafinyika, mafuta safinyika, ndiye ukalowa m'paipi phazi lanu limangopondereza mpweyawo. Ntchito yonse sinakwane ola limodzi. Sipanala ziwiri ndi botolo limodzi.

Ngati yanu ndi ya kebulo, nkhani ndi yomweyi, kungoti kebulo imatamuka ikakalamba, ndipo nati yosinthira imakhala kumapeto kwake. Ndipo musaseke, yang'ananinso kapeti. Kuno nthawi ya dzinja matope amaunjikana pansi pa chopondera n'kuuma gwa, chopondera osafikanso pansi.

Koma chenjerani, pali ena akamva zimenezi amakamanga mpaka malo aja kutheratu. Ayi ndithu! Mukatero kilatchi imakhala ngati mwaiponda pang'ono nthawi zonse. Mudzaona pokwera chitunda ndi katundu, injini ikukuwa koma galimoto osakoka, fungo la chopserera lili guu. Pamenepo mwaotcha puleti, beringi nayonso ikutha, ndipo giyabokosi ija itsikadi.

Pamene mukudikira kukonza, chitani izi. Galimoto iime kaye, isamayende ngakhale pang'ono. Pondani kilatchi, werengani mpaka 3, lowetsani giya yoyamba kapena yachiwiri, kenako phazi lili pompo pitani ku rivesi. Kamphete ka giya ya kutsogolo kaimitsa kale shafuti, ndiye rivesi imalowa mwakachetechete. Tsiku lina ikangokana osalira, musalimbane nayo ngati mukuzula chinangwa. Mano angokumana nsonga ndi nsonga. Bwererani pa fulii, siyani kilatchi, pondaninso, ilowa.

Sindikunena kuti nthawi zonse ndi kanati. Puleti imatha kupindika, kapena kuchita dzimbiri pa shafuti galimoto ikakhalitsa osayenda, ndipo kaberingi ka pakati pa flywheel kamatha kugwira. Zimenezo zimafuna kutsitsa giyabokosi, palibe kuchitira mwina. Komanso ikamavuta kulowa ngakhale injini ili yozima, afufuze zitsulo zolumikiza ndodo ya giya ndi mafuta a m'giyabokosi. Koma makaniko asanagwire jeke, muuzeni ayambe wayesa injini ili yozima, ayeze chopondera ndi chala, atsegule kabotolo ka mafuta inu mukuona.

Amene muli ndi m'bale woyendetsa matola kapena wonyamula mbatatesi ndi kabichi kupita ku Lilongwe, mutumizireni awerenge asanapite ku galaja.