KUDUTSA PA CHANIDA NDI MWANA KUMBUYO

Munthu wa ku Lusaka akati akupita kunja kwa dziko amakonzeka mwezi wathunthu, nafuna pasipoti, nagula tikiti, natsazika abale onse. Kuno kwathu ku Chadiza nkhani njosiyana. Mai amadzuka m'mamawa, nasesa pabwalo, nabereka mwana wake, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo amakhala atalowa kale m'dziko la Mozambique. Mukamfunsa sadzanena kuti anapita kunja, iai. Adzati anapita ku maliro, kapena kukaona agogo ake.

Sitingamdzudzule mai wotere. Malire amenewa anabwera ndi pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la caka ca 1891, ndipo anapeza Acewa atakhala kale mbali zonse. Likulu lakale la Undi linali ku Mano, m'dziko limene lero tikuti Mozambique, ndipo caka ndi caka m'mwezi wa August mafumu a ku Mozambique ndi ku Malawi amabwera ku Mkaika, m'boma la Katete, kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Cinenero ncimodzi, gule ngwamodzi. Koma bvuto lagona pomwepo, pakuti ulendo umene sitiuyesa ulendo timauyamba cimanjamanja, ndipo amene amalipira ndi mwana wakhanda. Ine mtolankhani wanu ndinaziona ndi maso anga m'mwezi wa October caka ca 2023.

Agogo ake a mkazi wanga amakhala m'boma la Chifunde, m'cigawo ca Tete. Anatumiza mau akuti afuna kuona mdzukulutubvi wao asanatsikire kuli cete, ndipo inu awerengi mudziwa kuti mwa Acewa mwana ngwa kucikazi. Mkamwini sakana uthenga wotere. Mwanayo, wamkazi, anali ndi miyezi 7. Usiku woti mawa tinyamuka ndinaona mkazi wanga akukulunga kadi ya sikelo m'pepala la pulasitiki. Anaikanso m'cola ukonde wa udzudzu, botolo la klorini, mapaketi awiri a madzi a moyo, sopo, ndi kapu ndi supuni za mwana. Ine ndinaseka. "Amake mwana, kodi tikusamuka?" Iwo sanakweze ngakhale mutu. "Inu atate ake, nyamulani cabe."

Tinakwera njinga zamoto ziwiri kudzera m'midzi ya Mfumu Mlolo kufikira pa Chanida. Amene sanafikepo adziwe kuti pamenepa ndi pa cipata cacikulu ca boma lathu. Mseu wocokera ku Katete, mtunda wa makilomita 55, umathera pamenepa, ndipo kutsidya kwa cipata, pa Cassacatiza, umapitirira kunka ku mzinda wa Tete ndi ku doko la Beira. Malole aatali onyamula feteleza ndi mafuta amandanda m'mbali mwa mseu, madalaivala atagona kunsi kwake kuthawa dzuwa. Azimai amagulitsa zitumbuwa, mazira owiritsa ndi madzi omanga m'timapepala, ndipo nchenche nazo zimacita msika wao. Tinatenga cikalata codutsira pa ofesi ya olowa ndi otuluka m'dziko. Amene afuna kuyenda ndi mwana acita bwino kukafunsa ku ofesiyo tsiku la ulendo lisanafike kuti mwanayo afunika mapepala otani, m'malo moima padzuwa ndi khanda kukambirana ndi akulu a Boma.

Pa njira yonseyi mwana sanabvute. Amai ake anamphimba ndi citenje copepuka cifukwa ca fumbi, namyamwitsa pafupipafupi, pa mthunzi uliwonse umene tinaima. Bere ndilo kamba wa paulendo woposa onse: silifuna moto, silifuna kutsuka, ndipo nchenche sizifikapo. Mwana wosakwana miyezi 6 safunikanso cina ciliconse, ngakhale madzi, ngakhale kutenthe motani. Wathuyu anali atayamba kale phala, ndipo apa mpamene khomo la matenda limatsegukira.

Tinafika madzulo, ndipo cimwemwe ca pamudzipo sindingathe kucilemba. Nthungululu zinamveka tisanatsike. Agogo, amene maso ao acita khungu pang'ono, anapapasa nkhope ya mwanayo ndi zala zao, namchula dzina la malemu amai ao. Nkhuku inafa. Mwana anayenda m'manja mwa aliyense, kuyambira nkhalamba kufikira atsikana aang'ono.

Apa ndiyenera kuulula kulakwa kwanga. Madzi a pamudzipo amatunga pa citsime cokumba mumcenga wa mtsinje wouma, pomwe ng'ombe nazo zimamwera. Mkazi wanga anandinong'oneza kuti nditulutse klorini uja tithire m'cigubu cimodzi. Ine ndinacita manyazi. Ndinati m'mtima, mkamwini wofika lero lomwe angayambe bwanji kuthira mankhwala m'madzi a apongozi ake, monga ngati akuti pakhomo pano mpauve? Botololo linagona m'cola. M'mawa mwake ndinaona kamtsikana kena kakumwetsa mwanayo ndi cikho ca pamtsuko, mwacikondi ndithu, ndipo ndinangoyang'ana kumbali.

Usiku waciwiri mwana anayamba kutsegula m'mimba. Pofika tambala woyamba anali atacita kasanu, madzi okhaokha. Milomo inauma, maso analowa, ndipo liwombo linatsika moti munthu akanaikapo cala. Agogo anaitana mai wina wodziwa zitsamba kuti adzamate mankhwala paliwombo, monga ticitira kwathu konse kuno. Sindinyoza makolo athu, pakuti anaona coona: mwana wotsika liwombo alidi pangozi. Koma liwombo limatsika cifukwa madzi atha m'thupi, ndipo cimene cimalikweza ndi madzi olowera pakamwa, osati phala lomata pamutu. Mkazi wanga anagwada, nati mwaulemu, "Agogo, lolani ndiyambe ndamwetsa aka, enawo abwera pambuyo." Anawiritsa madzi, nawaziziritsa, nayesa lita imodzi ndi botolo, nasungunulamo paketi imodzi ya madzi a moyo. Anamwetsa mwanayo ndi supuni pang'onopang'ono, pafupifupi theka la kapu nthawi iliyonse akacita cimbudzi. Atasanza anadikira mphindi 10 nayambanso, ndipo bere sanaleke. Kukanakhala kuti paketi palibe, akanasungunula masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere m'lita imodzi ya madzi owiritsa. Mcere ukacuruka umapweteka mwana, cotero muyeso usapyole.

Kutaca tinabwereka njinga ndi kupita ku kacipatala ka m'deralo. Panjira ndinali kudzifunsa kuti tikalankhula ciani, popeza Cipwitikizi sindicidziwa ndipo kadi yathu njolembedwa m'Cingelezi. Nkhawayo inali yacabe. Namwino anatilonjera m'Cicewa, ndipo atatambasula kadiyo anawerenga zonse zimene anafuna: tsiku lobadwa, makilo a mwana pa sikelo yomaliza, ndi masiku a katemera. Manambala alibe mtundu. Anamuika pa sikelo nayerekeza ndi makilo a pakadipo, ndipo anadziwa kuti mwanayo wataya madzi oculuka motani. Anambaya cala kuyesa malungo, ndipo sanapezeke. Ukonde uja unali utagwira nchito yake. Anatipatsa mapaketi ena ndi mapilitsi a zinki oti amwe limodzi pa tsiku kwa masiku 10, natiuza kuti mwana akakana bere, akasanza ciriconse, akacita cimbudzi ca magazi, akakomoka kapena kugona mosadzuka, tibwerere msanga ngakhale pakati pa usiku.

Ndinaona kuti cala cake cinaima nthawi yaitali pa mzere wa katemera wa poliyo, ndipo cifukwa cake ncodziwika. M'mwezi wa August 2020 Africa yense analengezedwa kuti wagonjetsa kacirombo ka poliyo ka m'cilengedwe. Koma mu February 2022 Boma la Malawi linalengeza kuti mwana wina wa ku Lilongwe wapuwala ndi matendawa, ndipo akatswiri anapeza kuti kacirombo kake kanali ka mtundu wa ku Pakistan, kutsidya la nyanja. Mu May caka comweco kanapezeka m'cigawo ca Tete, ndipo caka cisanathe ana 8 a m'cigawoco anapezeka nako. Ndico cifukwa cake anchito a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo m'Zambia, Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Zimbabwe kudonthezera ana katemera m'kamwa, kufikira mliriwo unalengezedwa kuti watha mu May 2024. Ngati kacirombo kanatha kucoka ku Pakistan kufika ku Tete, kodi cipata ca pa Chanida cingakaletse? Kolera nayo inatiphunzitsa zomwezo. Inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi m'zaka za 2022 ndi 2023, ndipo mu January 2023 inabuka ku Vubwi, kwa anansi athu amene anali mbali ya boma la Chadiza kufikira 2012.

Cotero inu amai ndi atate, musananyamuke tsegulani kadi muone ngati mwana walandira zonse za msinkhu wake: katemera wa pobadwa, wa pa masabata 6, 10 ndi 14, ndi wa cikuku pa miyezi 9 ndi 18. Ngati tsiku la sikelo lili pafupi, ulendo wokaceza ungadikire sabata imodzi. Wathu uja anali asanafike pa katemera wa cikuku, ndipo ndikakumbuka manja onse amene anadutsamo tsiku lija, mtima umandigunda mpaka lero. Maliro sadikira, ndidziwa, koma ngakhale ku maliro mai wa khanda angakhale capambali, kunja kwa nyumba ya siwa mmene anthu apanikizana usiku wonse.

Tinakhala masiku ena atatu kuti mwana apeze mphamvu. Liwombo linakwera tsiku lomwelo madzulo, ndipo mai wa zitsamba uja anabwera kudzaligwira yekha, napukusa mutu, naseka. Klorini ndinamtulutsa ndekha, mocedwa, ndi kuthira m'cigubu monga mwa malangizo a pabotolo, tidikire mphindi 30 tisanamwe. Palibe amene anakwiya. Mlamu wanga anati mankhwala otere amawadziwa, kwao amawachula Certeza, koma sitolo yogulitsa ili kutali. Tsiku lobwerera agogo anatiperekeza kufikira pa mtengo wa mango wa kumapeto kwa mudzi, natipatsa nkhuku yamoyo ndi kathumba ka nyemba. Kenaka anandigwira dzanja nati, "Akamwini, kabotolo kaja musabwerere nako." Tinawasiyira pamodzi ndi paketi ya madzi a moyo imene inatsala, ndipo tinafika pa Chanida dzuwa litapendeka, mwana ali m'tulo kumbuyo kwa amai ake.