Maluwa a pa Chikopa: Ulendo wa ku Sheridan

Tinanyamuka ku Billings, m'boma la Montana, kusanache bwino, ndipo titayenda makilomita oposa 200 pa msewu wa Interstate 90, titapyolanso chigwa cha Little Bighorn pamene ankhondo a mitundu ya Lakota ndi Cheyenne anagonjetsa asilikali a America otsogozedwa ndi Custer mu 1876, tinaona mapiri a Bighorn akadali ndi chipale chofewa pamitu pake ngakhale unali mwezi wa Meyi, ndipo patsinde pake panali Sheridan, mudzi wa ku Wyoming umene unatchuka ndi zishalo za akavalo. Ine amene ndinakula ndikudziwa chishalo cha njinga chokha, kavalo ndikungomumva m'Buku Lopatulika, ndinalowa m'mudzimo ndi mtima wa mwana wopita koyamba kumsika.

Alendo onse amayambira ku King's Saddlery, pa Main Street, kumene zingwe zokolera ng'ombe zalendewera ngati fodya m'chigafa, ndi kumene kuseri kwake kuli nyumba yosungiramo zishalo zakale mazanamazana. Mwini dzinalo, Don King, amene anabadwa mu 1923 namwalira mu 2007, ndiye anakuza kakongoletsedwe ka chikopa kotchedwa Sheridan, ka maluwa a kuthengo ozingidwa ndi mitsitsi yopota, othithikana kotero kuti nsonga ya chala isowa potera. Ndipo dziko lake linamlemekeza ndi mphoto ya National Heritage Fellowship mu 1991. Koma za m'nyumba yosungira zakale n'zogona tulo, ndipo mtima wanga unafuna kumva nyundo ikulira.

Ndinaimva madzulo ake, m'kanyumba ka mmisiri wina wa imvi kunja kwa mudzi, amene atandilonjera sanandionetse maluwa konse, koma anatsitsa pakhoma chigoba chotumbuluka chimene iwo amangochitcha mtengo. Chimenechi ndicho mafupa a chishalo: matabwa awiri osemedwa kuti agone uku ndi uku kwa msana wa kavalo osakhudza fupa la pakati, chotsamira kumbuyo, ndi nyanga kutsogolo, zonsezo zitakutidwa ndi chikopa chosafufuta chimene amachisoka chili chonyowa, kuti pouma chikokane ndi kulimba. Pamenepo ndinaseka ndekha, pakuti nzeru yake ndi yomweyo ya agogo anga pokunga ng'oma. Nyangayo, imene inachokera kwa abusa a ng'ombe a ku Mexico otchedwa vaquero, ndiyo pokulunga chingwe pamene ng'ombe yakodwa ndipo ikukoka ndi mphamvu zake zonse; n'chifukwa chake chishalo cha ntchito chimalemera makilogalamu ngati 18. Mkuluyo anati mtengo ukapanda kukhala bwino umatupula kavalo zilonda, ndipo chilonda chikapola pamamera ubweya woyera, umene umakhala mboni yotsutsa mmisiri masiku onse a kavaloyo. Anawonjeza, osamwetulira, kuti sanaonepo kavalo wotembenuka kudzayamikira duwa.

Komabe maluwawo ndiwo anandisunga pampando mpaka kunja kunada. Chikopa chake n'cha ng'ombe, chochindikala, chofufutidwa ndi makungwa a mitengo, monga chimene a kampani ya Hermann Oak akhala akufufuta ku St. Louis kuyambira 1881, pakuti chofufutidwa msanga ndi mankhwala a m'fakitale sichisunga chidindo. Amachinyowetsa dzulo lake nachikulunga m'pepala la pulasitiki kuti madzi alowerere, ndipo m'mawa amadikira kufikira maonekedwe ake atayamba kubwerera koma chikadali chozizira, chimene mkuluyo anachiyesa pochigunditsa patsaya lake monga mayi ayesa thupi la mwana wodwala. Chikanyowa kwambiri chidindo chimafufutika, chikauma mpeni umakana; kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono anachiyala pa mwala wosalala, umene anati anaugula kwa osema miyala ya pamanda, natenga kampeni kozungulira pa msomali wake, chala cha mkombaphala chitagona pa kampando kake pamwamba, chala chachikulu ndi chapakati zikukapotoza, ndipo mzere unatuluka wopota ngati mpiringidzo wa dzungu, wakuya poyamba, wopepuka pomaliza. Pambuyo pake anatenga timisomali tachitsulo, kalikonse ndi ntchito yake, kena kotsitsa m'mphepete mwa mzere kuti tsamba litukuke, kena koika mthunzi, kena kodinda njere pakati pa duwa, ndi kena kakang'onong'ono kophwanya malo otsala pakati pa mitsitsi; ndipo nyundo inalira go, go, go, kachitsulo kakuyenda kokha m'zala zake, kufikira duwa linadzuka pa chikopa chimene sichinawonjezedwe kanthu.

"Yesani, bwenzi," anatero, akundipatsa kachidutswa kotsala. Ndinagwira mpeniwo molimba monga ndigwirira khasu, ndipo pamene ndinafuna kupota unathawira kumbali nusiya chibowo chonga cha mwana wogwa pa mwala. Ndinapempha kuti tifufute, koma iye anapukusa mutu, pakuti chikopa chimene chadulidwa chadulidwa. Anangotenga mpeni, nadula mizere iwiri pambali pa chilema changacho, ndipo chinasanduka tsamba lopindika ndi mphepo.

Popeza mlendo ndi mame, ndinaimirira kuti nditsazike, ndipo pakhomo ndinaona chishalo chakale chimene mbusa wina anabweretsa kuti achisokerenso chikopa cha nkhosa chapansi, chija chimagona pa msana wa kavalo. Kumbuyo kwake maluwa anali akadali akuthwa, koma m'mbali, pamene ntchafu za mwini wake zinakhula zaka zambiri, anali atasalala ngati mpini wa khasu, ndipo pa nyanga chingwe chinali chitadya mphako yolowa chala. Mkuluyo anachitembenuza chagada pabenchi, nalumira ulusi wopaka phula, nayamba kusomola misomali yakale umodziumodzi.