Kwa mphwanga ku Shikabeta: galimotoyo isatsike Manenekela buleki ili chonchi

Matero, Lusaka

Wokondedwa mphwanga,

Kalatayi ndailemba poyera chifukwa m'boma la Rufunsa si iwe wekha amene umakonzera galimoto pansi pa mtengo. Boma lathu linapatulidwa ku Chongwe m'masiku a President Michael Sata, koma munthu wa ku Shikabeta akafuna zida za galimoto amayang'anabe ku Chongwe kapena kuno ku Lusaka. Choncho zokonza wekha sindikutsutsa.

Mlamu wandiuza pafoni kuti unasintha mapadi ndi maberingi akutsogolo komanso mashuzi akumbuyo pa Hilux yako ya dizilo ija, ndipo tsopano ukaponda buleki phazi likukafika pansi. Akuti ukuloza chala wogulitsa mapadi, ndipo wakonza kale zopita ndi matumba a chimanga ku Luangwa Bridge kuti pobwera utenge nsomba zouma. Ulendo umenewo uyambe waima. Buleki imene inkagwira dzana n'kusiya kugwira utangoimasula, vuto lake lili pamene panapita manja ako. Yambira pamenepo usanagule chida china chilichonse.

Choyamba n'chaching'ono. Poika mapadi atsopano unakankhira mapisitoni a kalipa m'kati. Galimoto isanasunthe umayenera kupopa buleki kangapo kuti mapisitoniwo abwerere pamalo. Ngati unatero koma pedo ikadali pansi, mvetsera zimene phazi likukuuza, pakuti matenda a buleki amadziwika ndi mmene pedo ikuchitira.

Pedo ikamafewa ngati waponda papaya lakupsa, n'kumalimbako ukapopa, zoyamba kuzikayikira ndi zitatu. Kokako handibuleki pang'ono, kenako ponda. Pedo ikakwera, ndiye kuti mashuzi akumbuyo ali kutali ndi dramu; asendeze mpaka wilo lizimveka kukhula pang'ono polizunguza, kenako ubwezeko pang'ono kuti lisamange. Ikapanda kusintha, kweza kutsogolo ndi jeke, gwira tayala pamwamba ndi pansi, uligwedeze. Likamagwedera, beringi sunaimange mokwanira. Disiki imawayawaya n'kumakankhira mapadi kumbuyo, ndipo pa msewu wa miyala ngati wa kwanuko buleki imasowa ukangodutsa pa mabampu. Zonsezi zikakhala bwino, m'mapaipi mwalowa mpweya. Mafuta a buleki safinyika, koma mpweya umafinyika, ndiye mphamvu ya phazi lako imathera pamenepo isanafike ku mawilo.

Usanayambe kutulutsa mpweyawo, yang'ana kanipo kotulutsira pa kalipa iliyonse. Kayenera kukhala pamwamba. Ngati unachotsa makalipa onse awiri n'kuwasinthanitsa, wakumanja kupita kumanzere, kanipoko kali pansi, ndipo ungathe kutha mabotolo a mafuta mpweya osatuluka, chifukwa mpweya umakwera m'mwamba. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Mlamu aponde n'kugwira, iwe umasule kanipo, umange, kenako iye atule phazi. Yambira wilo lakumbuyo lomwe lili kutali ndi master cylinder, umalizire la pafupi. Kabotolo ka mafuta ka pamwamba pa master cylinder kasaume, apo ayi uyambiranso. Pansi pa bodi, cha pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, pali valavu imene imayeza kulemera kwa katundu n'kugawa mphamvu ya buleki kumbuyo. Nayonso ili ndi kanipo kake, ndipo ambiri amaiiwala.

Pali chizindikiro china. Ponda n'kugwira osatula. Pedo ikamatsika pang'onopang'ono yokha, lowa pansi ndi tochi uyang'ane paliponse pamene unamasula: kumbuyo kwa madramu, m'mphepete mwa makalipa, polumikizira mapaipi. Tiwashala ta kopa ta pa bawuti ya paipi sitibwezeredwa takale. Pakapanda kudontha paliponse, ndiye marabala a mu master cylinder atha. Pa galimoto yakale zimenezi zimachitika nthawi yotulutsa mpweya yomweyo: woponda akafikitsa pedo pansi penipeni, marabala amadutsa pa dzimbiri pomwe sanafikepo zaka zambiri, n'kung'ambika. Ika kathabwa pansi pa pedo kuti isamafike kumapeto.

Nanga pedo ikauma gwa, galimoto osaima? Pamenepo nkhani ndi ya busita. Zimitsa injini, popa mpaka pedo iume, igwire, ndiye uyatse injini. Pedo iyenera kutsikako pang'ono. Ikapanda kutero, tsata kapaipi ka rabala kochokera ku busita. Pa ma Hilux akale a dizilo ngati yakoyo kamapita ku pampu ya kumbuyo kwa alternator, ndipo n'kosavuta kukasolola ndi chigongono osazindikira.

Galimoto ikamakokera mbali imodzi, ona ngati girisi wa beringi sanapake pa disiki, kapena oilo wa difu sanalowe m'dramu. Mapadi kapena mashuzi akamwa mafuta sachapika. Amasinthidwa mbali zonse ziwiri. Onanso ngati paipi ya rabala sinapotoke pobwezera kalipa. Wilo limodzi likamatentha kuposa anzake utayenda pang'ono, buleki ikumanga pamenepo.

Funso limene likundisowetsa mtendere ndi lakuti unathiramo mafuta anji. Pa chivindikiro cha kabotolo analembapo mtundu wofunika, DOT 3 kapena DOT 4. Ngati unathiramo a chiwongolero, a giya kapena oilo wa injini, ngakhale pang'ono, marabala onse atupa, ndipo kungotsanula mafutawo sikuthandiza. Ngati unathira otsala m'botolo lotsegula chaka chatha, nawonso ndi oopsa, chifukwa mafuta a buleki amamwa chinyezi. Malamulo a DOT amafuna kuti DOT 3 yatsopano isawire isanafike madigiri 205, koma ikamwa madzi malire ake ndi 140 basi. DOT 4 ndi 230 ikakhala yatsopano, 155 ikamwa madzi. Pa msewu wosalala sungaone kusiyana. Pa chitsikiro cha Manenekela, chimanga chili kumbuyo, phazi lili pa buleki khona ndi khona, mafutawo amawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, ndipo pedo imapita pansi nthawi imene ukuifunitsitsa. Aliyense woyenda pa Great East Road amadziwa za magalimoto amene anagwera m'maphompho a pamenepo, ndipo madokotala a ku St Luke's ku Mpanshya akhala akulandira ovulala pa msewu umenewu.

Ukamaliza kukonza, yesa motere. Galimoto itaima, injini ikulira, ponda mwamphamvu kwa mphindi imodzi, pedo isasunthe. Kenako yenda pang'onopang'ono pamalo osalala, opanda ana, wopanda katundu, uime kangapo. Mapadi atsopano amafuna kuzolowerana ndi disiki, choncho masiku oyamba usawayese ndi katundu wodzaza. Ukatero lowanso pansi uone ngati pali ponyowa. Ndipo ngakhale buleki ili bwino, chitsikiro chimatsikidwa ndi giya yaing'ono, injini izithandiza kugwira galimoto.

Zikakanika, usachite manyazi. Safunsa anadya phula. Ndiimbire foni, ndidzabwera ndi makanika, marabala a master cylinder ndi mafuta osatsegula. Mtengo wake n'ngochepa kuposa wa tayala limodzi. Kufikira pedo italimba, makiyi akhale ndi mlamu, ndipo mu galimotoyo musakwere munthu.

Moni kwa onse kumudziko.

Ine mkulu wako.