Matailosi 30 pa Khoma la Amayi

Munthu amene anakulira m'nyumba za pa esiteti amadziwa lamulo limodzi limene silinalembedwe paliponse, lakuti khoma si lako. Ungathe kukhomapo msomali wokolekapo kalendala, koma kupitirira apo ayi. Tsiku limene ntchito yatha, nyumba nayonso yatha. Umanyamula mphasa, mapoto ndi ana, khomalo n'kusiyira wina amene kapitawo wangomulemba kumene m'buku.

Ife a ku Thyolo takhala ndi lamulo limeneli kwa mibadwo ingapo. Henry Brown anabzala tiyi wa malonda ku Mulanje mu 1891, ndipo pasanathe zaka zambiri mbewuyi inakwera mapiri a kwathu kuno. Maclean Kay anatsegula Satemwa mu 1923. Conforzi, Naming'omba ndi Makandi ndi mayina amene mwana wa kuno amawadziwa asanayambe n'komwe sukulu. Agogo athu ambiri, Alhomwe ochokera ku Mozambique, anapeza nthaka yabwino ili kale m'manja mwa azungu, ndipo malo ogona ankalipira ndi thukuta pa thangata. Mpaka lero malo ndi ochepa. Abale athu ena anasamukira ku Machinga ndi ku Mangochi pa ndondomeko ya Kudzigulira Malo imene inayamba mu 2004, poti kuno kunalibe polima.

Malemu abambo anga anali khukhi m'nyumba ya bwana wamkulu pa esiteti ina. Amayi ankathyola tiyi, dengu kumsana, mvula kaya dzuwa. Madzulo abambo ankakonda kutisimbira za khitchini ya kuntchito kwawo, makamaka khoma la kuseri kwa chitofu limene linali ndi matailosi oyera mbee. Mafuta akathovokera pamenepo, ankangopukuta ndi kansanza, basi kwatha. Koma asanaweruke ankayenera kukwecha mzere uliwonse wa pakati pa matailosiwo, chifukwa dona ankadutsitsapo chala. Kwathu kumalayini khitchini inali kachisakasa kakuda bii ndi mwaye, ndipo palibe amene ankaganiza zokakongoletsa. Ukongoletse cha mwini?

Atapuma ntchito, makolo anga anakamanga pa kamalo ka kuchikazi cha ku Makwasa, m'malire mwenimweni mwa minda ya tiyi. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy, amene anapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera, anagwetsa khoma limodzi la khitchini ya amayi. Mwamwayi panalibe wovulala. Ana tinasonkherana ndalama, tinagula njerwa zootcha ndi malata, n'kumanganso khitchiniyo molumikiza ku nyumba yaikulu. Mkati tinaikamo kathebulo ka konkire kokhazikapo mbaula ndi beseni lotsukira mbale. Ndi pamene ine ndinatulutsa maganizo akuti khoma la kuseri kwa kathebuloko tiikepo matailosi.

Achimwene anga aakulu anakana. "Mphwanga, za m'tauni zakulowa m'mutu," anatero. "Matailosi amadyedwa? Ndalama imeneyo ndi ya feteleza." Kunena zoona, mfundo yawo inali yolemera. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu yense wochokera kunja anakwera mtengo usiku umodzi. Matailosi ambiri a m'masitolo athu ndi ochokera kunja, feteleza nayenso chimodzimodzi. Munthu amene nkhokwe yake imathera mu Disembala sungamuuze zokongoletsa khoma osachita manyazi.

Komabe inenso ndinali ndi yanga mfundo. Thyolo ndi dziko lachinyezi. Chiperoni chikagwa m'miyezi yozizira, chovala chimatha masiku atatu pachingwe osauma, ndipo khoma limene limathiridwa madzi otsukira mbale tsiku ndi tsiku limachita chuku, pulasitala n'kuyamba kufumbutuka. Ukapaka laimu chaka chino, chaka chamawa upakanso. Matailosi umaika kamodzi. Mkanganowo unafika kwa amalume, eni mbumba, amene anaudula pakati. Anati khitchini yonse ayi, koma kachigawo kokha kamene kamalandira mafuta ndi madzi. Tinayeza: mamita 2 m'litali, masentimita 60 kukwera m'mwamba. Matailosi a masentimita 20 mbali zonse amalowa 10 pa mzere umodzi, ndiye mizere itatu ndi matailosi 30. Mmisiri anati tigule 35, poti ena amasweka panjira kapena podula.

Ku Limbe tinapita awiri, ine ndi amayi, pa minibasi ya m'mamawa. Musitolo ine ndinathamangira oyera, aja a m'nkhani za abambo. Amayi anangowayang'ana n'kupukusa mutu. "Mwanawe, oyerawa anatha zikhadabo za abambo ako. Ukufuna athenso zanga?" Wogulitsa, pofuna kuthandiza, anatulutsa obiriwira, n'kunena kuti akugwirizana ndi kwathu kwa tiyi. Amayi anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Bambo, zobiriwira ndaziona zaka 30, kuyambira mbandakucha mpaka kusikelo. M'nyumba mwanga ndipumeko." Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mashelefu, akusisita lililonse ndi chikhatho monga amachitira posankha m'phika pamsika, mpaka anaima pa ofiirira, a mtundu wa katondo wa kwathu. Anati amenewo sangachite manyazi ndi dontho la mafuta.

Pa ulendo umenewo ndinaphunzira zinthu zimene ndikuona kuti awerengi ena zingawathandize. Matailosi a pakhoma ndi opyapyala komanso opepuka kusiyana ndi a pansi, choncho musalipire a pansi pamene mukufuna a pakhoma. Pamalo ophikira sankhani osalala, chifukwa okhakhala amasunga mafuta m'timaenje tawo. Tsegulitsani makatoni musanalipire, muone ngati mtundu uli wofanana, poti owotchedwa nthawi zosiyana amasiyanako maonekedwe ngakhale dzina lili limodzi. Gogodani lililonse ndi chala. Labwino limalira ngwee, long'aluka limalira ngati chikho chosweka. Pobwerera makatoniwo tinawafukata pamiyendo ngati makanda, kuopa kuti kondakitala angawaunjikire matumba a chimanga.

Mmisiri wathu anali mkulu wachikulire amene anaphunzira ntchito pokonza nyumba za mabwana m'maesiteti. Sanafune kuthamanga. Anati pulasitala watsopano adikire masabata angapo kuti aume, apo ayi matailosi adzagwa pamodzi ndi iye. Achimwene atadandaula za kuchedwa, mkuluyo anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo." Thumba la simenti yapadera yomatira matailosi linali lodula, ndiye anagwira ntchito mwachikale, ndi simenti wamba ndi mchenga wosefa. Njira imeneyi imafuna kuti matailosi ayambe anyikidwa m'madzi, kuti asamwe madzi a m'simenti n'kuisiya youma isanagwire. Anakandakanda khoma, anajambula mzere ndi levulo, n'kuyambira pakati kupita m'mbali, kuti ngati pangafunike kudula, zidutswa zikagwere m'makona. Pakati pa thailosi ndi linzake ankalowetsa mitengo ya machesi kuti mipata ifanane. Lililonse ankaligogoda ndi chigwiriro cha hamala, khutu lili tcheru, kumvetsera ngati kuseri kwatsala mphako. Patapita masiku awiri anazula machesi aja n'kutseka mipata ndi simenti yosakaniza ndi utoto wofiirira. Pamwamba pa khomalo anasiya mabowo otulukira mpweya, ndipo anachenjeza amayi kuti mbaula ya makala isayake chitseko chili chotseka, chifukwa utsi wake wosaoneka umapha munthu ali m'tulo.

Amayi anakhala pampando masiku onsewo akuonerera. Anati ntchitoyi sikusiyana kwenikweni ndi kuzira kumene ankachita ali mtsikana, pamene ankasalaza dothi ndi mwala mpaka pansi pawale. Kusiyana kwake n'kwakuti kuzira umabwereza mwezi ndi mwezi.

Sindikunena kuti matailosi 30 asintha Thyolo. Othyola tiyi akadali kudandaula za malipiro, malo akadali ochepa, ndipo m'malayini muli ana amene akukula ndi lamulo lomwe lija. Achimwene mpaka lero amati ndalamayo ikanagula feteleza, ndipo chaka chimene chimanga chavuta mawu awo amandilasa. Nsima ya anthu ambiri imaphikidwabe panja pa mafuwa, chifukwa mbaula singanyamule m'phika wa pamaliro kapena pachinkhoswe. Koma ndaona anzawo a amayi, amene ankathyola nawo tiyi mzere umodzi, akulowa m'khitchinimo, n'kugwira khomalo, n'kufunsa kuti katoni ndi ndalama zingati. Mmodzi wa iwo wayamba kale kuponya ndalama ku banki m'khonde.

Pa matailosi 35 aja, limodzi linasweka podula. Anayi otsalawo amayi anawakulunga m'chitenje chakale n'kuwaika pansi pa bedi. Nditawapempha kuti ndikaikirepo mapoto otentha kunyumba ya lendi kumene ndimakhala, anakana. Anati amenewo ndi a mwana wamkazi wa achemwali anga, amene adzatsale pamalopo malinga ndi mwambo wathu. Likadzasweka limodzi pakhomapo, asadzavutike kufunafuna mtundu wake ku Limbe.