Mbale za ku China ndi mtsuko wa agogo

Mu 2014, mkulu wina wachuma wa ku China, Liu Yiqian, anagula kakapu kadothi ka zaka zoposa 500 pa mtengo wa madola pafupifupi 36 miliyoni ku Hong Kong. Kakapu kojambulidwa nkhuku basi! Anzanga kuno ku Dedza akamva zoterezi amati ndi misala ya anthu okhuta. Inenso amandiseka, chifukwa ndimasonkhanitsa mitsuko, nkhali ndi miphika yakale yomwe anthu ataya kuseri kwa nkhokwe.

Ambiri sadziwa kuti ziwiya za ku China zinafika m'boma lathu lino kalekale, Azungu a mishoni asanabwere. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, komwe kunali likulu la Kalonga wa Amaravi, katswiri wofukula zakale Dr Yusuf Juwayeyi anapeza mapale a mbale za ku China, mikanda yagalasi, mkuwa ndi minyanga ya njovu. Makolo athu sanali otsalira ayi. Malonda awo ankalumikizana ndi amalonda a kunyanja ya mchere.

Koma chomwe chimandigwira mtima n'chakuti mapale ochuluka pamalopo anali a miphika youmbidwa konkuno. Akatswiri amazindikira mibadwo ya anthu poona kaumbidwe ndi mphini za pamiphika, ndipo mitundu yake anaipatsa mayina a malo athu: Nkope, Kapeni, Mawudzu, Nkhudzi. Amayi oumba aja ankalemba mbiri ndi zala zawo.

Mwa ziwiya 14 zomwe ndasunga, chokondedwa ndi mtsuko wa agogo anga aakazi. Uli ndi mng'alu pakhosi, koma madzi ake ankazizira kuposa a m'chigubu. Palibe angaugule ngakhale ndi K5,000. Komabe ukasweka, luso la agogo lapita, poti mwa zidzukulu zawo palibe anaphunzira kuumba. Pulasitiki watilanda zonse.

Dothi labwino tili nalo ku Linthipe, ndipo alendo amaima pa Dedza Pottery kudzagula makapu ndi mbale. Zojambula za m'mapanga a Chongoni zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Nanga miphika ya m'midzi mwathu aisunge ndani?

Abale anga, musataye mtsuko wakale. Funsani anauumba ndani, liti, mudzi uti, mulembe. Mukapeza mapale kapena mikanda polima, dziwitsani afumu ndi a boma oona zinthu zakale, osagulitsa kwa oyendayenda. Atchaina anasunga zawo mpaka dziko lonse linayamba kuzilimbirana. Zathuzi zikatha, ana athu adzaloza chiyani?