Kodi Kukhwefula Thalauzi Kunacokera Kuti?

Masiku ano palibe msika, cigayo kapena pokwerera basi pamene munthu angaime nthawi yaitali osaona mnyamata amene thalauzi lake latsika kufika pakati pa matako, kabudula wamkati ali poyera, mwini wake nkumayenda ngati bakha kuti covalaco cisagwe. Kale tinali kunena kuti zimenezi ndi za ku Lusaka ndi ku migodi, koma tsopano zafika ku Katete, ku Chadiza ndi ku Petauke, ngakhalenso kumidzi kumene galimoto imafika kamodzi pa mlungu. Makolo akudandaula, aphunzitsi atopa ndi kukalipa, ndipo m'midzi ina nkhaniyi yafika ndi kwa anyakwawa omwe.

Pa maulendo anga a nchito ndakhala ndikufunsa anyamata cifukwa cake amavala motero. Yankho lao ndi limodzi: "Ndi fashoni." Ndikafunsa akuluakulu, naonso yankho lao ndi limodzi: "Ndi mwano." Koma ndikafunsa kuti anayamba ndani ndipo anayamba cifukwa ninji, onse awiri amangoti cete. Makolo athu anati safunsa anadya phula. Tsono tiyeni tifunse, pakuti covala cimeneci ciri ndi kwao, ndipo kwaoko sikumene ana athu amaganiza.

Kwao ndi ku America, kumene kavalidwe kameneka amakachula kuti sagging. Mbiri yodziwika kwambiri imaloza kundende za dziko limenelo. Munthu akatsekeredwa kumeneko, alonda amamlanda lamba pamodzi ndi zingwe za nsapato. Zifukwa zake ndi zomveka: mkaidi wotaya mtima angadzimangirire ndi lamba, ndipo wina waukali angamenye nako mnzake kacitsulo ka lambayo. Zovala za m'ndende nazonso sapima ndi telala; munthu amalandira cimene ciripo. Tsono thalauzi lalikulu lopanda lamba lingacite ciani koposa kutsika? Mkaidi sanali kukhwefula cifukwa ca kunyada. Anali kuyenda dzanja limodzi liri m'ciuno cifukwa analibe ufulu ngakhale wa kumanga thalauzi lake.

Wina angafunse kuti, kodi zovala za akaidi zingatuluke bwanji m'ndende ndi kufalikira dziko lonse? Yankho liri m'kuculuka kwa akaidiwo. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndende zikuluzikulu za America zinali ndi anthu pafupifupi 200,000. Pofika mu 1994 anapitirira miliyoni imodzi, ndipo mu 2008, kuwerenga pamodzi ndi ndende zazing'ono za m'mizinda, anafika pafupifupi 2.3 miliyoni. Ciwerengero cimeneci cikuyandikira ca anthu onse a m'Cigawo cathu ca Kum'mawa, amuna, akazi ndi ana.

Cimodzi mwa zinthu zimene zinadzaza ndendezo ndi lamulo la mu 1986 lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo. Munthu wopezeka akugulitsa magalamu 5 a kokeni wa mtundu wochipa, wochedwa crack, amene anali wofala m'makomboni a anthu osauka, anali kulandira zaka zisanu, cimodzimodzi ndi wogulitsa magalamu 500 a kokeni waufa, amene anali kugulidwa kwambiri ndi anthu opeza bwino. Kusiyana kumeneku anakucepetsa mu 2010, koma panthawiyo mabanja ambiri anali atapasuka kale. Anthu akuda ndi pafupifupi 13 mwa anthu 100 alionse a ku America, koma m'zaka za m'ma 1990 pafupifupi theka la akaidi anali akuda.

Taganizirani mudzi umene nyumba zambiri ziri ndi tate, mkulu kapena malume kundende. Amene watulukako amabwera ndi mayendedwe ake ndi mavalidwe ake, ndipo ana aang'ono amamuona ngati ngwazi imene yapirira zowawa. Cimene cinali cizindikiro ca kulandidwa ufulu cinasanduka cizindikiro ca kulimba mtima. Mnyamata amene sanapondemo m'ndende anayamba kuvula lamba mwa kufuna kwake, kuti anzake amuope.

Muzu waciwiri ndi umphawi, ndipo uwu ife tikuudziwa bwino. M'mabanja osauka mwana amavala thalauzi limene mkulu wake wasiya, kapena mai amagula lalikulu dala kuti mwanayo akuliremo. Ine ndinayamba Giredi 1 ndi kabudula amene anali kufika kumunsi kwa maondo, womanga ndi luzi, ndipo ndinamvala zaka zitatu. Ana a m'makomboni a New York ndi Los Angeles naonso anali kukula ndi zovala zowakulira. Kusiyana kwake nkwakuti iwo anatenga cinthu camanyazi nacisandutsa conyadira.

Pali mphekesera imene akuluakulu ena amakonda kuopsezera nayo anyamata, yakuti m'ndende thalauzi lotsika ndi cizindikiro ca mkaidi amene wavomera kukhala ngati mkazi wa akaidi anzake. Anthu amene anaifufuza nkhani imeneyi sanapeze umboni wake. Ndi bwino kuisiya, cifukwa mwana wa lero ali ndi foni m'thumba, ndipo akakugwirani bodza kamodzi sadzamveranso ngakhale zoona zimene mudzamuuza mawa.

Cimene cinanyamula kavalidwe kameneka kucoka m'makomboni ndi nyimbo. Nyimbo za hip hop zinabadwira ku Bronx, mu mzinda wa New York, mu 1973, pa maphwando a acinyamata akuda. Pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 zinali zitakhala malonda akulu, ndipo oimba ambiri anali kuimba za moyo wa m'misewu, apolisi ndi ndende, atavala monga momwe anthu a m'misewuyo amavalira. Mu 1992 anyamata awiri ochedwa Kris Kross anachuka dziko lonse ndi mathalauzi akuluakulu obvala cam'mbuyo. Caka comweco kampani ya zovala ya Calvin Klein inalemba nchito woimba wina waciyera, Mark Wahlberg, kuti aonetse makabudula amkati olembedwa dzina la kampaniyo m'ciuno. Amalonda anazindikira kuti thalauzi likatsika, dzina lao limawerengedwa ndi aliyense woyenda pambuyo. Kuyambira pamenepo umphawi wa mkaidi unasanduka phindu la wamalonda.

Ena mwa oimbawo anali kuimba zimene zinawacitikiradi. Tupac Shakur, amene nkhope yake ikali pa malaya a anyamata athu, anapita kundende mu 1995, ndipo anaomberedwa ndi mfuti ku Las Vegas mu 1996, nafa ali ndi zaka 25 zokha. Cithunzi cake timaciona. Manda ake sitiwaganizira.

Kuno kwathu zinafika m'njira ziwiri. Yoyamba ndi salaula. Malonda atamasulidwa pambuyo pa 1991, mabelo a zovala zakale anadzaza misika yathu, ndipo m'mabelomo munali majini akuluakulu a anthu a kunja. Yaciwiri ndi zithunzi zoyenda. Ife amene tinakula m'zaka zimenezo tikukumbukira tinyumba ta vidiyo ta m'makomboni a Chipata, mmene tinali kulowa ndi kandalama kocepa ndi kukhala pa mabenci, maso ali pa kanema. Mu 1997 ku South Africa kunatsegulidwa Channel O, yoonetsa nyimbo usana ndi usiku m'maiko ambiri a mu Africa. Acinyamata anaona oimba akuda ngati iwo, ali ndi magalimoto ndi mikanda ya golide, thalauzi liri pansi. Anaona cuma, koma ndende imene inali kumbuyo kwa cithunzico sanaione. Lero foni yamaliza nchito imene vidiyo inayamba.

Nanga eni ake a ku America anacita ciani? Mizinda ina inathamangira ku lamulo. Mu 2007 kamzinda ka Delcambre, m'cigawo ca Louisiana, kanalamula kuti wooneka kabudula wamkati alipire madola 500 kapena akhale m'ndende miyezi isanu ndi umodzi. Mzinda wa Shreveport, m'cigawo comweco, unaikanso lamulo lake caka cimeneco. Mu February 2019 wapolisi anathamangitsa mwamuna wina cifukwa ca thalauzi lotsika, mfuti zinalira, ndipo mwamunayo anafa. Atawerenga mabuku a polisi anapeza kuti mwa anthu 726 amene anamangidwa pa lamulolo, 96 mwa 100 alionse anali amuna akuda. Mu June caka comweco khonsolo inalicotsa lamulolo. Mzinda wa Opa-locka ku Florida nawonso unacotsa lake mu 2020. Covala cobadwira m'ndende cinali citayamba kubwezera anthu kundende, ndipo mathalauzi sanakwere.

Barack Obama anafunsidwa za nkhaniyi mu 2008, atatsala pang'ono kusankhidwa kukhala pulezidenti. Iye anayankha kuti kupanga malamulo a mathalauzi ndi kutaya nthawi, komabe anyamata ayenera kukweza mathalauzi ao, cifukwa amai ao ndi agogo ao safuna kuona zamkati. Ndiganiza kuti mau amenewa aliyense wa ife angawamve.

Zimenezi sindinazifufuze cifukwa ca nyuzipepala yokha. Mlongo wanga wamkulu anandiitana kumudzi za mwana wake wa zaka 17, amene ali mu Giredi 11. Mphunzitsi anali atambweza kawiri, ndipo pa maliro a m'mudzi anatumikira nsima kwa akuluakulu kabudula ali poyera. "Acimwene," anatero mlongo wangayo, "inu ndinu malume wake. Bwerani ndi mkwapulo, ife watikanika." Kwa ife Acewa mwana wa mlongo ndi katundu wa malume, ndipo manyazi ake ndi anga.

Mkwapulo sindinatenge. Ndinapita naye kudimba, ndipo tiri kuthirira ndiwo ndinamsimbira zonse zimene ndalemba pamwambapa. Anamvetsera mwakacetecete, kenaka anafunsa kuti, "Nanga amalume, ngati ndi za akaidi, bwanji anthu olemera amavala?" Ndinamuyankha kuti woimba akakhwefula amalipidwa, koma iwe ukakhwefula umalipira: wataya kale masiku a sukulu, ndipo mawa ukadzaima pamaso pa wolemba nchito kapena pa apongozi, adzayamba kuona ciuno cako asanamve mau ako.

Madzulo ake ndinamuonetsa cithunzi ca atate anga, agogo ake, cojambulidwa m'zaka za m'ma 1970. Ali ndi tsitsi lalikulu, nsapato zazitali ndi thalauzi lotambalala kunsi ngati siketi, monga momwe anali kuvalira oimba a gulu la WITCH ndi Paul Ngozi masiku amenewo. Mnyamatayo anaseka mpaka misozi. Agogo akewo, amene anali patsogolo kufuna kuti akwapulidwe, anangoti, "Nafenso anatinena." Anakumbukiranso kuti tsidya la Mchinji, ku Malawi, lamulo la mu 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo amuna a tsitsi lalitali anali kumetedwa pa malire. Lamulolo linatha kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Mathalauzi otambalala aja sanathe ndi lamulo. Anatha okha, eni ake atakula.

Sindinganene kuti mwana wa mlongo wanga anasinthiratu tsiku limenelo. Ndamva kuti kusukulu, kuchalichi ndi pa maliro tsopano amamanga lamba, koma akapita ku mpira ndi anzake thalauzi limatsikabe pang'ono. Amai ake akufuna zoposa pamenepo. Ine ndikuona kuti wayamba kusiyanitsa malo ndi malo, ndipo ulemu umayambira pomwepo.

Kwa inu makolo anzanga ndinena kuti mkwiyo wanu uli ndi cifukwa, pakuti m'mwambo wathu mwana saonetsa thupi kwa amai ake, kwa alongo ake kapena kwa apongozi. Koma taonani kumene mkwapulo ndi lamulo zinafikitsa anzathu a ku Shreveport. Mwana wokwapulidwa amakweza thalauzi pakhomo, nalitsitsa akangokhota pa nkhokwe. Muuzeni mbiri yake yoona, ndipo mumpatse nthawi, pakuti mau a akulu akoma akagonera.

Kwa inu anyamata, thalauzi ndi lanu ndipo ciuno ndi canu. Koma dziwani kuti munthu amene mukumtsanzira sanasankhe. Lamba wake anali m'manja mwa mlonda, ndipo tsiku limene anali kuliyembekezera koposa onse ndi tsiku lakuti ambwezere katundu wake pa cipata, amange thalauzi lake, apite kwao. Inu lamba wanu palibe amene wakulandani. M'mawa mukamavala, muzikumbukira zimenezi.